Mbewa Ziwiri za Kuthambo ndi Cholembera Changa Chofiira

Mphunzitsi mnzanga, musanayambe ntchito za m'gawo lino, ndiloleni ndikuuzeni kanthu kena kamene ndinalakwitsa m'kalasi. Papita zaka zoposa 20 tsopano, koma ndikakumbukira manyazi amandigwirabe.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera, ndipo Lachitatu lililonse masana tinkakhala ndi kalabu ya sayansi. Zipangizo, monga mudziwa, zinali za m'maloto. Chuma chathu chonse chinali tchati chimene ndinajambula ndekha pakatoni, ndi zithunzi zingapo zodula m'kalendala yakale. Teremu imeneyo tinkakamba za milalang'amba. Makolo athu akati mlalang'amba ankanena mzere woyererako uja wodutsa pathambo usiku wopanda mwezi. Lero tikudziwa kuti mzerewo ndi nyenyezi mabiliyoni oposa 100, dzuwa lathu lili imodzi mwa izo, ndiponso kuti kunja kwake kuli milalang'amba ina yosawerengeka. Pa tchati changa ndinaigawa m'mabokosi anayi: yamikono yopindika ngati chigoba cha nkhono, yobulungira ngati dzira, yaphwatalala ngati mbale koma yopanda mikono, ndi bokosi lachinayi la ija yopanda maonekedwe enieni. Ndinkaphunzitsa mabokosi amenewa ngati mitundu ya nyemba. Iyi ndi nanyati, iyi ndi kayera, basi, lowezani.

Chimodzi mwa zithunzi zija chinali cha milalang'amba iwiri yoyandikana, uliwonse uli ndi mchira wautali, wina woongoka ngati ndodo, wina wopindika. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene nthawi zambiri sankayankhula, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga iyi yang'ambika chonchi bwanji? Waing'amba ndani?"

Anzake anaseka. Ine ndinaloza bokosi lachinayi n'kunena kuti, "Palibe waing'amba. Ndi mtundu wake basi. Inabadwa choncho."

Patatha masabata awiri ndinawapatsa kamayeso. Ndinaika chithunzi chomwe chija n'kufunsa mtundu wake. Onse analemba zimene ndinawauza, kupatula iye yekha. Iye analemba kuti, "Inali yamikono, koma yakokana." Ndinatenga cholembera chofiira n'kudula yankholo, pambali n'kulembapo kuti azimvetsera m'kalasi.

Mwanayo ndiye analondola. Ndinadzadziwa zimenezi patapita zaka, nanenso nditayamba maphunziro a patali ngati amene mukuchitawa. Milalang'amba iwiri ija akatswiri anailemba m'kaundula wawo kuti NGC 4676, koma amangoitcha The Mice, kutanthauza mbewa, chifukwa cha michira ija. Chithunzicho chinajambulidwa ndi telesikopu ya Hubble mu 2002, ndipo kuwala kumene kunajambulidwako kunali kutayenda zaka pafupifupi 300 miliyoni. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti yankho la mtsikana uja linali litadziwika kale zaka 30 m'mbuyomo. Mu 1972 abale awiri, Alar Toomre ndi Juri Toomre, anaika m'kompyuta timadontho toimira nyenyezi tozungulira ngati m'mbale, n'kudutsanitsa mbale ziwiri zoterozo pafupi. Sanaikemo china chilichonse koma mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa bango/papaya mumtengo. Michira inatuluka yokha, yofanana ndithu ndi ya Mbewa zija.

Apa ndi pamene ambirife timaphonya pophunzitsa, choncho ndikhalapo pang'ono. Timakonda kunena kuti wamkulu amakoka wamng'ono n'kuung'amba. Koma kukoka pakokha sikung'amba kanthu. Dzuwa likukoka dziko lathu usana ndi usiku, ndi mphamvu yoopsa, koma inu ndi ine sitimva kalikonse, chifukwa ife, nyumba zathu ndi nthaka yomwe tikukokedwa pafupifupi mofanana ndipo tikuyendera limodzi. Chimene chimang'amba ndi kusiyana kwa kakokedwe. Mlalang'amba ndi chinthu chachikulu kwambiri, moti mbali imene yayandikana ndi mnzake imakokedwa mwamphamvu kuposa pakati, ndipo pakatipo pamakokedwa mwamphamvu kuposa mbali yakutali.

Mungathe kuonetsa zimenezi popanda kugula chilichonse. Itanani ophunzira atatu aime mondondozana, ayang'ane kukhomo. Khomolo ndiye mlalang'amba wokoka. Mukaomba m'manja, wapafupi ndi khomo ayende mapazi atatu, wapakati awiri, wakumbuyo phazi limodzi. Ombani kawiri katatu, kenako mufunse wapakatiyo zimene waona. Adzakuuzani kuti wakutsogolo wamuthawa, wakumbuyo watsalira. Onse apita mbali imodzi, koma mzere watambasuka mbali ziwiri. N'chifukwa chake mlalang'amba wokokedwa umatulutsa zinthu kuwiri: mbali yapafupi kumatuluka ngati mlatho wolowera kwa mnzake, mbali yakutali kumatuluka mchira. Ndipo popeza nyenyezi za m'mbalemo zimakhala zikuzungulira kale, zikamasuka zimaponyedwa kutali ngati mwala wochoka m'gulaye.

Kwa ophunzira okonda masamu, onjezani ichi. Mtunda ukachepa ndi theka, kukoka kumakula kuwirikiza ka 4, koma kusiyana kuja kumakula kuwirikiza ka 8. Ndiye kudutsana patali sikuchita kanthu kwenikweni, pamene kudutsana pafupi kumasiya chipsera. Kusiyana komweku, kochokera makamaka ku mwezi, ndi kumene kumachititsa madzi a m'nyanja yamchere kudzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Amene munafikako ku Beira mukudziwa.

Wina m'kalasi adzafunsa ngati nyenyezi zimagundana, ndipo funso limenelo musalidumphe. Yankho ndi lakuti n'zosowa kwambiri. Dzuwa likanakhala njere ya chimanga, nyenyezi yoyandikana nalo ikanakhala njere ina pa mtunda wa makilomita pafupifupi 290, wonga wa kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Njere ziwiri zotalikirana choncho zingagundane bwanji? Koma milalang'amba si choncho. Wathu ukanakhala lichero, mnzathu wamkulu Andromeda akanakhala lichero lina pa mtunda wa malichero 25 okha. M'bwalo lomwelo la sukulu. Nyenyezi zimadutsana osakhudzana, koma milalang'amba imamvana kukoka nthawi zonse.

Mbewa zija zili ziwiriziwiri, kumbali, chakudera la thambo kumene kuli khamu lotchedwa Coma koma kutali ndi pakati pake. Tsopano tiyeni tilowe pakati pa khwimbi penipeni, chifukwa mutu wa gawo lino ndi umenewo.

Mlalang'amba wathu uli m'kagulu kakang'ono. Ikuluikulu ndi iwiri, wathu ndi Andromeda, kenako wina wocheperako, ndi ing'onoing'ono makumi angapo. Tingati ife tili kumudzi. Kutauni ndi makamu a milalang'amba. Loyandikana nafe mwa makamu akuluakulu ndi la Virgo, limene lili ndi milalang'amba yoposa 1,000, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 54 miliyoni kuti kufike kuno. La Coma ndi lolemera kuposa pamenepo komanso lothithikana, ndipo lili patali kuwirikiza pafupifupi ka 6. Chodabwitsa n'chakuti nyenyezi zonse za m'khamu ndi kagawo kochepa chabe ka kulemera kwake. Pakati pa milalang'amba pali mpweya wopyapyala koma wotentha madigiri oposa 10 miliyoni, umene umaoneka pokhapokha poujambula ndi X-ray, kuwala kuja kojambulira mafupa kuchipatala, ndipo umalemera kuposa nyenyezi zonse pamodzi. Ndiye pali chinthu china chosaoneka n'komwe, chimene asayansi amachitcha dark matter, chokwana magawo oposa 80 mwa 100 aliwonse a kulemera kwa khamulo. Amene anayamba kuchikayikira ndi Fritz Zwicky mu 1933. Iye anaona kuti milalang'amba ya ku Coma ikuthamanga kwambiri moti, pakanapanda cholemera china chobisika choigwira, khamulo likanabalalika kalekale.

Liwiro limenelo ndi makilomita pafupifupi 1,000 pa sekondi. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg masekondi awiri asanakwane. Ine poyamba ndinkaganiza kuti pamene pali kuthithikana ndi pamene milalang'amba imaphatikizana kawirikawiri. Ayi ndithu, si choncho. Kuti iwiri igwirane ngati Mbewa zija, n'kudzasanduka umodzi, imafunika kukumana pang'onopang'ono, kuti kukokana kukhale ndi nthawi yogwira ntchito. Zimenezi zimachitika kwambiri m'timagulu ting'onoting'ono ndi m'mphepete mwa makamu. Pakati pa khamu aliyense amangodutsa fyuu, kukoka pang'ono n'kupita.

Koma kukoka pang'onoko sikuchitika kamodzi. Taganizani za mayi amene wasenza dengu lodzaza mtedza mpaka pamwamba, akudutsa mumsika tsiku la msika. Palibe amene wamugwetsa. Uyu wamukhudza paphewa, pagwa timtedza tiwiri; uyo wamupanikiza ndi njinga, pagwa tina. Pofika tsidya lina la msika dengu laphwera, ndipo mtedza wotsalawo sulinso mmene anausanjira. Mu 1996 Ben Moore ndi anzake anaonetsa pa kompyuta kuti zimenezi n'zimene zimachitikira mlalang'amba waung'ono wamikono ukalowa m'khamu. Ikuluikulu imaudutsa mothamanga mobwerezabwereza kwa zaka mabiliyoni angapo. Ulendo uliwonse nyenyezi zake zimagwedezeka, zina za m'mphepete zimatayika, mbale yopyapyala ija imatupa, mikono imafufutika, mpaka pamatsala kachinthu kobulungira kosawala kwenikweni. Iwo anazitcha galaxy harassment, kapena titi kuzunza milalang'amba. Dzina lake ndi loseketsa, koma linakhazikika. Ikuluikulu yolimba pakati simva kwambiri nkhanza zimenezi. Imene imavutika ndi ing'onoing'ono ndi yotayirira.

Palinso kukoka kwa khamu lonse pamodzi. Mlalang'amba umene njira yake imadutsa pafupi ndi pakati pa khamu umakumana ndi kusiyana kuja kwa ophunzira atatu, koma tsopano wokoka ndi kulemera kwa khamu lonselo. Zoyamba kupita nthawi zonse ndi zakunja, zimene mwini wake sanazigwiritse: chofunda chake chachikulu cha dark matter, kenako mpweya wa m'mphepete, kenako nyenyezi za m'mphepete. Pakati ndiye pamalimba mpaka mapeto.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi kachinthu kena ka ku Virgo kotchedwa M60-UCD1, kamene kali pafupi ndi mlalang'amba waukulu wa M60. N'kakang'ono moti kuwala kumakadutsa m'zaka mahandiredi ochepa chabe, pamene wathu kumatenga zaka 100,000, koma muli nyenyezi zoposa 100 miliyoni zothithikana. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Anil Seth linapeza kuti pakati pake pali black hole, chinthu chija chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, yolemera ngati madzuwa pafupifupi 20 miliyoni. Ya pakati pa mlalang'amba wathu wonsewu imalemera ngati madzuwa 4 miliyoni okha. Mukapeza kakhumbi kakang'ono kali ndi mzati wa nyumba yaikulu, mumaganiza chiyani? Kuti panali nyumba yaikulu pamenepo, eti? Ofufuzawo anaganizanso chimodzimodzi: kameneka kanali mlalang'amba waukulu ndithu, koma M60 anausenda mpaka kusiya phata lokha.

Nanga nyenyezi zosendedwazo zimapita kuti? Sizizima. Nyenyezi imene yachotsedwa kwawo imapitiriza kuwala monga kale, kungoti tsopano imayendayenda pakati pa milalang'amba, yogwidwa ndi khamu lonse osati ndi mlalang'amba umodzi. Zwicky yemwe uja ananena mu 1951 kuti akuona kuwala kwachizimezime pakati pa milalang'amba ya ku Coma. Patapita zaka, telesikopu ya Hubble inajambula nyenyezi zoterozo imodziimodzi ku Virgo, pamalo pamene palibe mlalang'amba uliwonse. Ndipo mu 2024, pounika chithunzi cha khamu la Perseus chimene telesikopu ya Euclid inajambula mu 2023, akatswiri anawerengera kuti muli nyenyezi zamasiye zimenezi mabiliyoni oposa 1,500. Zambiri zimaunjikana mozungulira chimphona cha pakati pa khamu. Ku Virgo chimphonacho ndi M87, yemwe uja black hole yake inajambulidwa n'kuonetsedwa dziko lonse mu 2019. Mu 2015 panapezeka umboni woti M87 anameza mlalang'amba wina wokulirapo m'zaka 1 biliyoni zapitazi, ndipo nyenyezi za womezedwayo zikuyendabe mosiyana ndi zinzake.

Tsopano chenjezo, chifukwa apa mabuku ena amasakaniza zinthu ndipo ine ndinasakanizapo. Si mchira uliwonse m'khamu umene wapangidwa ndi kukoka. Mukukumbukira mpweya wotentha uja wa pakati pa milalang'amba? Mlalang'amba wothamanga makilomita 1,000 pa sekondi m'kati mwake umaumva ngati mphepo yamkuntho, monga mmene chipewa chimaulukira mukakwera kumbuyo kwa lole ya matola ngakhale tsiku lopanda mphepo. James Gunn ndi Richard Gott anafotokoza zimenezi mu 1972, chaka chomwe chija cha abale a Toomre, ndipo m'mabuku mudzazipeza ndi dzina loti ram pressure. Inde, chimene chikuthamangitsa mlalang'ambawo ndi kukoka kwa khamu, koma chimene chikuuvula ndi kukankha kwa mphepo. Mphepoyo singasunthe nyenyezi, popeza ndi zolemera ndi zolimba. Imangokankha mpweya wa mlalang'ambawo. Zili ngati amayi akamauluza mpunga: mankhusu amapita, njere zimagwera pamkeka.

Fanizo limeneli ndi labwino, koma lili ndi msampha. Mankhusu ndi zotaya, pamene mpweya wa mlalang'amba, umene wambiri ndi haidirojeni, ndiye mbewu yake. Nyenyezi zatsopano zimabadwa mpweya wozizira ukaundana. Ukachotsedwa, kubereka kwatha. Nyenyezi zikuluzikulu zowala mobiriwira ngati thambo sizikhalitsa, zimatha m'zaka mamiliyoni owerengeka, ndiye pakapita nthawi pamatsala zakale zokhazokha, zachikasu ndi zofiirira. Mikono imene inkawala chifukwa cha nyenyezi zatsopano imazimirira. Ku khamu la Norma, kuthambo lakummwera, kuli mlalang'amba wotchedwa ESO 137-001 umene ukuvulidwa chonchi, ndipo mchira wake wa mpweya ndi wautali kuposa m'lifupi mwa mlalang'amba wathu kuwirikiza kawiri. Mumchiramo mukubadwa nyenyezi zina, ana obadwira panjira amene ambiri sadzabwerera kwa mayi wawo.

Ndiye mungasiyanitse bwanji? Apa pali funso labwino lopatsa ophunzira, ndipo akaliganizira bwino amalipeza okha. Kukoka sikusankha: kumakoka nyenyezi ndi mpweya womwe. Mphepo imasankha. Choncho mukaona mlalang'amba umene mbale yake ya nyenyezi ili bwinobwino koma mpweya wake wadulidwa m'mphepete n'kupindikira mbali imodzi, monga NGC 4522 wa ku Virgo, dziwani kuti ndi mphepo. Mukaona nyenyezi zenizenizo zitakokedwa n'kupotoka, monga NGC 4438 wa m'khamu lomwelo, pamenepo padutsa wina. Za NGC 4438 anthu ankaloza chala mnzake wapafupi, mpaka mu 2008 pamene Jeffrey Kenney ndi anzake anajambula timizere ta mpweya tomulumikiza ndi chimphona china, M86, chimene chili chapatali pang'ono. Mboni zinasintha mlandu.

Kawirikawiri ziwirizi zimathandizana, ndipo umboni wina wabwino wa zimenezi unachokera kuno kwathu kummwera kwa Africa. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, kuli telesikopu ya MeerKAT, mbale zikuluzikulu 64 zotchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, imene inatsegulidwa mu 2018. Haidirojeni wozizira saoneka ndi maso, koma amatulutsa mafunde a wailesi otalika masentimita 21, ndipo MeerKAT amawamva bwino kwambiri. Mu 2023 gulu lotsogozedwa ndi Paolo Serra linafalitsa zimene linapeza m'khamu la Fornax, limene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 60 miliyoni kudzafika kuno. Anapeza milalang'amba 6 yokhala ndi michira yaitali ya haidirojeni, ya mbali imodzi, yopanda nyenyezi. Imeneyo ndi ntchito ya mphepo. Koma eni michirawo onse anali opotoka maonekedwe, kusonyeza kuti kukokana ndiko kunayamba kumasula mpweyawo, mphepo n'kudzangomalizitsa. Wina anagwedeza mtengo, wina anatola zakugwa.

Tibwerere ku tchati changa cha mabokosi anayi. Mu 1980 Alan Dressler anawerenga milalang'amba masauzande angapo m'makamu 55, n'kuona kuti mtundu wake umatsata malo. Kumene ili patalipatali, yambiri ndi yamikono, yobereka nyenyezi. Pamene yathithikana, yamikono imasowa, ndipo imachuluka ndi yobulungira ndi ija yambale yopanda mikono. Nyemba sizichita zimenezo: kayera sasanduka nanyati chifukwa choti mwamuthira m'thumba lodzaza. Mabokosi anga sanali abodza, akatswiri amawagwiritsabe ntchito, koma ine ndinawaphunzitsa ngati chibadwa, pamene mbali ina ndi mbiri ya zimene mlalang'ambawo wakumana nazo. Ndati mbali ina, chifukwa sindikufuna kuti mulumphire tsidya linalo. Zimphona zobulungira za pakati pa makamu zinapanga nyenyezi zake zambiri kale kwambiri, makamuwo asanakhwime, ndipo milalang'amba yambiri imayamba kusinthidwa ikadali m'timagulu, isanagwere m'khamu.

Konzekerani funso lina, limene ophunzira ochenjera salephera kufunsa: "Anaona ndani zikuchitika?" Palibe. Pa liwiro lija la makilomita 1,000 pa sekondi, mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka 1 miliyoni umatenga zaka 300 miliyoni, ndipo khamu ndi lalikulu kuposa pamenepo kangapo. Chithunzi cha lero ndi cha zaka 100 zikubwerazo zidzafanana. Timadziwa monga mmene mlendo wofika m'mudzi tsiku limodzi angadziwire kuti anthu amakula: waona makanda, anyamata ndi nkhalamba pa nthawi imodzi. Makompyuta amathandiza kuyesa ngati malamulo a kukoka angatulutsedi maonekedwe amene tikuonawo. Komanso kuyang'ana kutali ndi kuyang'ana kale, popeza kuwala kumachedwa panjira. Mu 1978 Harvey Butcher ndi Augustus Oemler anapeza kuti makamu akutali kwambiri, amene tikuwaona mmene analili zaka mabiliyoni angapo zapitazo, ali ndi milalang'amba yambiri yobereka nyenyezi kuposa makamu apafupi. Anali ndi ana ambiri kale; pano nkhalamba zachuluka.

Kanthu kena kakang'ono. Mwaona kuti ndakamba za kumudzi ndi kutauni, za amasiye, za kuzunza. Mawu amenewa amathandiza kuti nkhani ilowe, koma samalani. Tsiku lina mnyamata wina anamaliza yekha kuti, "Ndiye kuti tauni imawononga anthu, aphunzitsi." Tinaseka, koma ndinamuuza kuti mlalang'amba sumva kuwawa, ndipo wopanda mikono suli wotsika kuposa wamikono. Fanizo likagwira ntchito yake, liikeni pansi ngati khasu.

Pomaliza pake ophunzira adzafuna kuona ndi maso, ndipo apa ife a kummwera tili ndi mwayi umene anzathu a ku Ulaya alibe. Kuyambira mwezi wa October mpaka January, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, tulukani nawo kutali ndi magetsi muyang'ane kummwera. Mudzaona timitambo tiwiri toyererako timene mphepo sitisuntha. Timeneto ndi Mitambo ya Magellan, milalang'amba iwiri yaing'ono yoyandikana ndi wathu. Kuwala kwa waukuluwo kwayenda zaka pafupifupi 160,000, kwa waung'onowo pafupifupi 200,000. Auzeni moona kuti kumeneku si kukhamu, ndi m'kagulu kathu komwe kano, koma ntchito yake ndi yomwe ija. Iwiriyi yakhala ikukokana, wathu ukuikokanso, ndipo kumbuyo kwake yasiya mchira wa haidirojeni wodutsa gawo lalikulu la thambo, umene unadziwika bwino mu 1974 pogwiritsa ntchito telesikopu ya wailesi ya ku Parkes, ku Australia. Mchirawo ndi maso sadzauona, ndipo muwauziretu, kuopa kuti ena anganame kuti auona pofuna kukusangalatsani. Khamu la Virgo limakwera pamwamba, chakumpoto pang'ono, madzulo a April ndi May, koma nalonso ndi maso okha simuona kanthu. Ngati muli ndi foni ya intaneti, funani chithunzi cha Virgo chimene telesikopu ya Vera Rubin ya ku Chile inatulutsa mu June 2025, muchikulitse ndi zala, ophunzira asake okha michira ndi milatho.

Mtsikana uja anasamuka chaka chotsatira ndipo sindinakumane nayenso. Pepala lake anapita nalo, ndi mzere wofiira uja. Tchati chinadyedwa ndi chiswe, koma chithunzi cha Mbewa ndikadali nacho, ndinachimata pakatoni ina. Masiku ano ndikachikweza pamaso pa kalasi sindifunsa mtundu. Ndimangoti, "Chachitika n'chiyani apa?" n'kukhala chete. Ulendo wapitawu wina anati ikumenyana, wina anati ikuvina, ndipo wachitatu anapempha kuti ndichizondotse kaye, aone ngati mchira woongoka uja ungakhale wopindika tikanauonera mbali ina.